Maola Khumi ndi Awiri

Ku Lommel mchenga umadya chitsulo.
Ndaona injini zikufika Loweruka ndi mawu anthetemya,
Lamulungu n'kubwerera kwawo m'bokosi,
zidutswa zikusokosa ngati makobidi m'chitini.

Ndine Ludo, makaniko. Zaka makumi atatu ndili chiweramire,
zikhadabo zanga zinaiwala kuyera.
Usiku uno mvula ikuwaza pa lona,
nyale imodzi, khofi wozizira,
njinga ya Jorre ili apa, matumbo pamtunda.

Jorre ndi wa zaka khumi, zisanu ndi ziwiri.
Kwa iye injini ndi phokoso basi,
ikakuwa ndiye kuti ili moyo.
"Ludo, pala mutuwo pang'ono, panikiza moto,
ndikafike pokhota poyamba ndisanaone msana wa munthu."
Bambo ake, Staf, amene anagulitsa thirakitala chifukwa cha njingayi,
anangoima kumbuyo, manja m'thumba.

Ndinapala. Mwezi wathawu ndinapala,
njira za mpweya zinasalala ngati khosi la botolo,
ndinaika pisitoni yopepuka, chikungwa cha dzira chenicheni,
ndipo njinga inalusadi,
inkang'amba mchenga n'kuulavulira kumaso kwa anzake.

Koma mphamvu yotere ndi ngongole ya katapila.
Chilichonse chimene watenga, chitsulo chimalemba m'buku lake.
Pisitoni ya kufakitale imapirira maola makumi anayi.
Iyi ndinaipatsa khumi ndi awiri.
Kawotchi ka pachiwongolero kakuti kwatsala theka la ola,
pomwe mawa kuli mipikisano iwiri.

Ndakhetsera oyilo m'mbale yoyera.
Pansi pa nyale akuthwanima,
tinyenyeswa tasiliva tikusambira mmenemo.
Pulagi yatuwa mbuu: moto wachuluka, mafuta achepa.
Madzulo ndinagunditsa sipanala pa injini, khutu kunsonga inayo,
ndinamva kugogoda kwapansipansi
ngati mlendo wamanyazi pakhomo.

Injini sidwala kaye kuti abale asonkhane.
Imafera m'malere, pakati pa chulu ndi chulu,
gudumu lakumbuyo n'kuuma gwa,
mphuno n'kuloza pansi.
Ndinazionapo kamodzi. Tuur, mnyamata wa ku Genk.
Amabwerabe kudzaonerera, ali pa njinga,
koma yopalasa ndi manja.

Tsono pakati pa usiku, onse akuliza mkonono,
ndatulutsa gasiketi yokhuthala,
pisitoni yolemera ija tinaiseka m'chilimwe,
ndawonjezera mafuta kuti moto uzizire.
Ndamanga mabawuti mwakachetechete.
Ndaba. Inde, ndabera mwana wa eni liwiro lake.

Kwacha. Chipata chagwa, njinga makumi anayi zabangula,
nthaka yanjenjemera mpaka m'mano.
Pokhota poyamba Jorre ndi wachisanu ndi chitatu.
Ndikumuona akupotokola dzanja, akufunafuna chimene kulibe.
Mphindi makumi awiri zapita, wotsogola uja wafuka utsi wabuluu,
wina akukankha yake m'mbali mwa chingwe, mutu uli pansi.
Yathu ikungolira mawu amodzimodzi,
osakoma, osatha.

Wamaliza wachinayi. Masana, wachisanu.
Wavula chisoti n'kuchiponya m'matope.
"Yagona! Njinga yagona lero, Ludo!"
"Mchenga wanyowa," ndatero, maso ali pa tcheni.

Staf sanalankhule. Waweramira mu ndowa ya zinyalala,
watola pisitoni yopepuka ija, waipukuta pa malaya,
waitembenuzira ku dzuwa lofooka la kuno.
Mng'alu ngati tsitsi limodzi, kuchokera pabowo kukwera kumutu.
Waupapasa ndi chikhadabo, kawiri.
Wandiyang'ana, wayang'ana mwana wake
amene akutukwana ataima pa miyendo yake yonse iwiri,
waika chitsulocho m'thumba la jekete.

Kumbuyo kwathu injini ikuzizira yokha,
the, the, the,
ndipo ine ndikusaka cholembera
kuti ndiyambe kuwerenganso maola.