Woponya Thaulo

Ku ofesi kwathu ku Leeds, pa nsanjika yachinayi,
anthu amamenyana ndi pakamwa Lolemba lililonse.
Bwana Garside, amene sanalawepo chibakera chibadwire,
akuti kampani ya kutsidya kwa msewu ili pa zingwe,
tingoimalizitsa.
Priya akaiwala lipoti, foni n'kulira,
amaseka: ndapulumutsidwa ndi belu.
Wina akatchula chisudzulo cha mnzake pa msonkhano
onse amati aa, wamenya pansi pa lamba.
Ine ndimangoyang'ana m'kapu yanga ya tiyi.

Mawu amenewa ndinawadziwa asanavale tayi.
Ankanunkha thukuta ndi vaselini
m'chipinda cha pamwamba pa galaja ku Barnsley,
momwe bambo anga, Len Hepworth,
anatha zaka makumi atatu pakona ya bwalo la nkhonya,
ndowa kumanzere, thaulo paphewa.

Zingwe si mwambi, mwanawe, ankatero.
Zimasiya mizere kumsana ngati wagonera waya,
ndipo ukazitsamira, kumbuyo kwatha.
Belu silipulumutsa munthu. Limangomubwereka mphindi imodzi
kenaka limabwera kudzalonjerera ngongole yake.
Anandiuzanso za akale, omenyana pa udzu opanda magolovesi,
ndi mzere wokandidwa pansi pakati pa bwalo:
ukagwa, udzuke, ukafike pamzerepo wekha.
Mpaka lero Angerezi akati ntchito yako sinafike pamzere
sadziwa kuti akuwerengera munthu wothyoka nthiti.

Koma la thaulo ndi limene analipotoza zedi.
Kuno munthu amati ndaponya thaulo, kutanthauza ndatopa, ndasiya,
ngati kuti amaponya lake.
Womenya alibe thaulo. Manja ake ndi omanga,
mutu wake ukumunamiza kuti akupambana.
Woponya ndi wina,
amene waima panja, akuona diso likutsekeka.

Bambo anaponyapo kamodzi kokha,
pa mnyamata wina, Terry Oldroyd, m'ndime yachisanu ndi chiwiri.
Terry sanawalankhule zaka khumi ndi zinayi.
Akawaona ankawoloka msewu.
Koma ankawoloka ndi miyendo yake, bambo ankatero,
ndipo ankakumbukira chimene akuwolokera.

Lachinayi lapitali, kuchipatala,
dokotala wa mawu ofatsa anandikhazika m'kachipinda ka mipando iwiri.
Anati bambo anu akulimbana nawo kwambiri,
tikhoza kuyesanso ndime ina, mukafuna.
Pepala linali patebulo. Cholembera anandibwereka.

Ndinabwerera kukawaona.
Mapaipi m'mphuno, zibakera zofumbata pa bulangeti,
akupuma ngati akukwera masitepe a pa galaja paja.
Akanatha kulankhula akanati ndisiye, ndili bwino,
monga onse amanenera.

Pa mpando panali thaulo la chipatala, loyera, louma gwa,
dzina la wodi litadindidwa m'mphepete.
Ndinalinyowetsa pa mpopi,
ndinawapukuta pachipumi ndi kuseri kwa khosi
monga iwo ankachitira ana a eni.
Kenaka ndinalikoleka paphewa panga
n'kuima pakona ya bedi,
maso pa chifuwa chawo.