Sikelo ya ku Hatcliffe

Lachiwiri lililonse, mame asanaume,
ndimapachika sikelo pa nthambi ya mthethe
kuseri kwa Hatcliffe, kumene tauni yathera m'dambo.
Nkhosa makumi awiri ndi zinayi.
Mukudzei, mwana wa ku yunivesite, amagwira kope,
ine ndimagwira miyendo.

Mpanda wa waya wagawa dambo pakati.
Kuno kapinga ndi tsekera, eni nthaka.
Uko udzu wobwera, wa dzina la Chilatini
limene lilime langa limapunthwapo.
Akuti njere zake zina zinakwera lole, zina zinamatirira ku ubweya,
ndipo pofika sunapemphe malo kwa wina aliyense.

Mu Disembala wobwerayo anaphuka msanga.
Nambala seveni, ya khutu long'ambika,
inadya mpaka nthiti kubisala:
makilogalamu atatu m'milungu inayi.
Ine chimwemwe cha mumtima, osachionetsa.
Paja bambo anga anatsika sitima muno
ndi bulangete limodzi, kuchokera ku Ntcheu,
ndipo mpaka lero pa mzere wa ziphaso
amandifunsa kuti kwathu kwenikweni n'kuti.

Koma Juni anadza ndi chisanu chake.
Wobwera uja anauma gwa ngati tsache,
nkhosa kumangonunkhiza, kufwenthera,
maso kutsidya kwa mpanda
kumene kapinga, wokwawa pansi,
anali atabisa kamsipu m'mfundo zake.
Seveni inabweza zonse zimene inakongola.
Singano ya sikelo ilibe manyazi.

Mukudzei analemba, nadula mzere pansi.
Anati, "Sekuru Bonongwe, uwu ngofunika kuzula."
Ndinati inde.
Manambala ndinawaona ndi maso anga,
ndipo mwendo wa nkhosa yowonda
dzanja langa limaudziwa sikelo isanayankhule.

Madzulo ndinatenga khasu.
Mizu yake inali itapita pansi kuposa m'mene ndinkaganizira,
yolukana ndi ya kapinga,
moti pozula uyu, uyo ankabwera nawo.
Ndinakhala pansi, kukutumula dothi,
kulekanitsa muzu ndi muzu ndi zala
mpaka kombi yomaliza inandisiya.

Seveni inaima pa mpanda, ikubzikula,
osandiyang'ana n'komwe.
Kwa iyo udzu ulibe kwawo,
uli ndi nyengo basi.

Lachiwiri likudzali ndidzaipachikanso.