Mamilimita Mazana Atatu

Ndajambula maukwati zaka khumi ndi zinayi,
ku Chilomoni, ku Bangwe, ku Zingwangwa.
Ndikati imani, amaima.
Ndikati sekani, amaseka, ngakhale apongozi okwiya.
Nkhulukulu ya m'phiri la Michiru ilibe ulemu wotere.

Ndiye Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Limbe,
ndalama nditazipinda m'sokosi.
Che Jafali anandiyalira malenzi atatu pa kauntala.
Yoyera ija, ya mamilimita mazana asanu,
kungoinyamula, mkono unayamba kudandaula.
Atatchula mtengo wake
ndinaona poloti ya ku Chileka ikudutsa pazenera,
ndi njerwa zake zomwe.
Ndinaibweza mwaulemu, ndi manja awiri.

Yachiwiri inali yotanuka:
ukaipotoza italika, ukaibweza ifupika,
koma ikafika kumapeto, nthenga zimasanduka thonje.

Yachitatu, ya mazana atatu, inali ya kaunjika.
Inadutsa m'manja ambiri, utoto unasupuka,
nkhungu pang'ono m'mphepete mwa galasi.
"Iyi ndi yakuthwa," anatero Che Jafali,
"koma njaifupi. Mbalame idzaoneka ngati njere ya therere."
Anapisa m'thumba la malaya, natulutsa kanthu kozungulira
ngati kachitini ka polishi:
telekonveta.
"Mukaike pakati pa kamera ndi lenzi.
Kadzakukokerani nthambi pafupi,
koma sikagwira ganyu yaulere, kamadya kuwala.
Aka kamadya theka.
Kenako, kowirikiza kawiri, kamangokusiyirani nyenyeswa."

Ndinatenga kodya theka.
Ndalama ya yunifolomu ya Tiyanjane inatsala pa kauntala.
Mayi ake sindinawauze.

Lolemba mbandakucha, Michiru atafunda chifunga,
ndinakhala patsinde pa mkuyu, msana pathanthwe.
Inayamba yalira, kho, kho, kho,
ngati munthu wa chifuwa chakale.
Kenaka psuu! mapiko pakati pa masamba.
Ndinadina. Ndinadinanso.
Lenzi inangosakasaka uku ndi uku
ngati wotaya singano usiku wa magetsi othima.
Kanthu kaja kanali katadya m'mawa wanga wonse.
Pa sikirini: bala lofiira pansalu yobiriwira.

Ndinakachotsa, n'kukaponya m'chikwama,
n'kukhala duu.
Nyerere zinandiyesa chitsa.
Dzuwa litandifika paphewa
mbalame ija inatsika yokha, nthambi ndi nthambi,
kulondola nkhuyu zakupsa,
mpaka inatera apa,
poti n'kanatambasula dzanja n'kanaikhudza mchira.
Lenzi inakana.
Ya kutali siona cha pamphuno pake.

Ndinatsitsa kamera pabondo.
Diso lake, lozungulidwa kamkanda kofiira,
kamzere koyera pansi pake ngati walemba ndi choko,
linandiyeza kuyambira nsapato mpaka dazi,
monga momwe ine ndimayezera akwati.
Sinati imani, koma ndinaima mpweya.
Inameza nkhuyu.
Inapita.

Madzulo Tiyanjane anapenda zithunzi zonse makumi anayi.
"Ababa, nanga mbalameyo ili pati?"
Ndinaloza bala lija.
Anandiyang'ana, nayang'ana mayi ake.

Loweruka lino kuli ukwati ku Machinjiri.
Ndidzati imani, adzaima,
yunifolomu idzagulidwa Lolemba.
Che Jafali anati ndikhoza kubweza kanthu kaja
sabata isanathe.
Lero ndi Lachinayi.
Kali m'sokosi, pansi pa matiresi,
ndipo ine ndimangodzuka usiku kusuzumira panja
ngati chifunga chachoka pa Michiru.