Mbaula ya a Gelesomu

Juni walowa ku Santhe ngati wangongole,
osagogoda.
Usiku mphepo imakwawa pansi pa chitseko
n'kukagona m'maondo mwa bambo anga.
Mafuwa atatu akadalipo pakona,
koma amadya nkhuni ngati alendo a pamaliro,
pomwe nkhuni masiku ano n'zogula,
kamtolo ka timitengo tisanu toonda ngati zala.

Loweruka ndinati, khalani, ndikasankha ndekha.
Anati, Esinala, za moto satumirana.
Tinakwera kabaza, iwo patsogolo, ine m'mbuyo.

Kuseri kwa ogulitsa matemba
Nangozo anali atandanda mbaula zake padzuwa,
zofiira ngati chulu chovumbwa mvula.
Pambali pake mnyamata wa malata
ankamenya chitsulo ndi sipanala:
iyi njamuyaya, amayi,
ngakhale igwe pa lole, idzuka yokha!
Bambo anaikhudza kamodzi n'kuisiya.
Chitsulo chimapsa mtima msanga, anatero,
n'kuzizira nkhani isanathe.

Maso awo anachita ng'ala kalekale,
tsono amaona ndi manja.
Anagwada pafumbi, jekete likukhwekhwereza,
n'kuyamba kugogoda imodziimodzi ndi chala.
Yoyamba inati ngo, ngo.
Yachiwiri inayankha mosasa mawu.
Iyi ili ndi mng'alu, ikubisa, anatero.
Nangozo anaseka, n'kuikankhira kumbuyo ndi phazi.

Munthu uyu musamuone kunjenjemera.
Zaka makumi awiri ndi zitatu
anasonkhezera mabalani a fodya ku Chamama.
Thirakitala inkatula muwanga, msuku, mombo,
iye n'kumaponya m'ng'anjo usiku wonse,
chifuwa pamtunda, thukuta mpaka m'nsapato,
kuti tsamba la eni ake lituluke lachikasu.
Phiri lonse lija linadutsa m'manja awa.
Lero akupempha mbaula
yokhuta ndi timitengo titatu.

Anaima pa ina yokhota kamwa,
yokhala ndi chidindo cha chala m'mbali.
Nangozo anati, imeneyo isiyeni, agogo,
anaumba ndi mwana wanga, akuphunzira kumene,
mukaifuna ndikuchotserani mazana asanu.
Bambo analowetsa dzanja pakhomo pake,
n'kupima makulidwe a dothi ngati akupima ng'ombe.
Khomo laling'ono silimwaza moto, anatero.
Mwanayo mumuuze asasinthe.
Esinala, pereka zonse.

Ndinapereka, mtima ukuwerenga sopo ndi mchere.

Pobwerera ndinaifungatira m'chitenje
ngati khanda lochokera kusikelo.
Wakabaza akagwera m'dzenje
ndinkamva mtima wanga ukuti ngo, ngo,
bambo patsogolo akukuwa osacheuka:
yasweka? Yasweka kodi?

Sinasweke.

Madzulo anakana kuti ndiyatse ine.
Anathyola tiudzu, zitsononkho ziwiri,
timitengo titatu, n'kuuzira pang'onopang'ono
ngati akunong'oneza munthu wodwala.
Zenera ulisiye lotsegula pang'ono, anatero,
utsi ndi mfiti, umapha ogona.
Kenaka chete.
Moto unakhala m'nyumba mwake mwaulemu,
osatambasula miyendo,
dothi likumwa kutentha, likusunga.

Anatambasula manja pamwamba pake,
manja a zipsera zakale za m'ng'anjo,
ndipo ndinaona milomo ikugwedera.
Ndinayesa akupemphera.
Ayi, ankatchula mitengo:
muwanga, msuku, mombo, mpapa,
ngati mayina a anzawo omwe anatsogola.

Tambala woyamba atalira ndinadzuka kukaona.
Makala anali atazima,
koma mbaula inali yofundabe ngati pamimba pa mbuzi,
bambo ali mkonono, phazi limodzi kunja kwa bulangete.
Pakona, pa kamtolo kaja,
panatsala timitengo tiwiri.
Ndinatiwerenga kawiri.