Chingwe cha Mamita Khumi

Anandipatsa chipewa chake m'jumbo,
chipewa cha mkulu Veikko Pesonen,
amene anachoka dzulo lake ndi ndowa
kukathyola zipatso m'madambo a Kuhmo
n'kuiwala njira, monga anaiwalira kale
dzina la mkazi wake.

Ndinagwada. Halla analowetsa mphuno,
anakoka mpweya katatu, n'kundiyang'ana.

Pakati pa iye ndi ine pali chingwe cha mamita khumi.
Anthu amati n'chomangira galu.
Sadziwa kuti ndi mtsempha:
zonse zili mumtima mwanga
zimatsikira m'dzanja, zimayenda m'chingwemo,
n'kukamupeza pamsana.

Tsikulo mtima wanga unali m'mwamba.
Chisanu cha usiku chinaumitsa udzu kuti gwa,
ndipo wapolisi pa wailesi ankangoti:
kum'mawa, Tuulikki, kumsewu wa odula mitengo,
wina akuti anamuona kumeneko.
Halla ankafuna kumpoto.
Ndinakoka. Pang'ono chabe, ndi zala ziwiri.
Anamvera.
Chimandiwawa mpaka lero n'chimenecho:
anasiya zimene mphuno yake inkadziwa
chifukwa chondikonda ine.

Maola awiri tinazungulira m'mapaini,
iye akununkhiza apa, apo, mchira uli pansi,
akundicheukira pafupipafupi,
kufunsa yankho kwa ine wosamva fungo.

Ndinakhala pachitsa, ndinazimitsa wailesi.
Ndinanyema buledi wakuda, theka iye, theka ine.
Zaka zisanu ndi ziwiri tili limodzi.
Ndimadziwa kuti khutu lamanzere likagwa, ndi nyama,
mchira ukawongoka ngati ndodo, ndi munthu.
Iyenso amadziwa kutsokomola kwanga konama,
ndipo chaka chija ndinkagona osavula nsapato
ankagona pamapazi anga, osafunsa kanthu.
Ndinati: pepa, mnzanga.
Sindikudziwa ngati amamva mawuwo.
Koma dzanja langa linafewa, ndipo icho anachimva.

Tinabwerera pomwe mchira unawongoka komaliza.
Ndinamasula chingwe chonse, mpaka kunsonga.
Anaima. Mphepo inadutsa.
Kenako chingwe chinati ndi!
Ndipo sindinalinso mwini galu,
ndinali katundu wake wolemera,
wopunthwa pamizu, womira m'matope mpaka m'mawondo,
wosadziwa kanthu koma kutsata.

Pamwala wina fungo linamuthawa.
Anazungulira, anazunguliranso.
Pakamwa panga panadzaza malangizo.
Ndinawameza onse.
Ndinaima ngati mtengo, ndikupuma pang'onopang'ono,
kuti akacheuka aone munthu amene sakukayika.
Anacheuka kamodzi kokha.

Dzuwa likupendeka tinafika pakashedi ka udzu
kamene denga lake linagwa kalekale.
Anayamba kukanda pansi pa thabwa.
Galu wamkota sakandira pachabe.

Mkuluyo anali m'kati, atadzipinda m'udzu wowola,
milomo yabuluu, ndowa atayikumbatira,
zipatso zosafika n'theka lomwe.
Anatambasula dzanja lonjenjemera,
n'kuitana Halla ndi dzina la galu wina
amene anafa ine ndisanabadwe.
Halla analola. Anamunyambita chala.

Atabwera onyamula machira, ndi mabulangeti, ndi tiyi,
aliyense ankafuna kumusisita, kumutcha ngwazi.
Iye anawadutsa onse pakati pa miyendo,
n'kudzakhala patsogolo panga,
maso ali pathumba la jekete yanga
momwe ndimasunga golovesi yong'ambika ija.
Ndinaitulutsa. Analuma mbali yake, ine ndinagwira yanga,
tinakokana m'matopemo, aliyense osafuna kusiya.