Mphindi Zisanu ndi Zitatu

Kunja chipale chofewa chakwirira njinga za ophunzira,
zangotsala zogwirira zokha, ngati nyanga za ng'ombe zomira.
Mwezi wa Febuluwale kuno ku Vermont
dzuwa limaweruka lisanagwire ntchito.
Ndafika pa fayilo ya makumi anayi ndi imodzi lero,
khofi wazizira kawiri,
ndipo mwana aliyense ndimamupatsa mphindi zisanu ndi zitatu.

Uyu ndi Tobiah Wrzesinski wa ku Toledo.
Pamzere wa maulemu walembapo zinthu zisanu,
zonse zobadwira m'chipinda cha mayeso:
wopambana m'chigawo, wotamandidwa m'dziko,
satifiketi ya masamu, ina ya sayansi.
Ndikudziwa kuti kwawo zili pakhoma, m'galasi,
pambali pa chithunzi cha ukwati wa makolo.
Ndikudziwa kuti wina anagwetsa misozi tsiku limene envelopu inafika.

Koma fayilo ya makumi anayi inali nazo zomwezo.
Yam'mbuyo mwake, chimodzimodzi.
Pamsika wa tomato yekhayekha
kufiira si nkhani.

Malikisi ake ndawaona kale patsamba loyamba.
Maulemuwa angobwereza zomwe malikisi anena,
ngati mboni yachiwiri yolankhula mawu a yoyamba,
yangosintha tayi.
Ndachonga. Ndapitirira.
Sindikunyoza ayi:
popanda zimenezi mwina dzina lake likanathera panjira.
Ndi kiyi wa pageti ameneyu.
Nyumbayi ili ndi zitseko zina.

Mphindi yachisanu. Kalata ya Mayi Abernathy, aphunzitsi ake.
Akuti Lachiwiri lililonse Tobiah amalowa m'kalasi mochedwa
chifukwa amayamba watsegula malo ochapira zovala a bambo ake,
kusolola makobidi otsamwitsa makina.
Akuti makina achisanu ndi chiwiri,
aja ankavina mpaka kukatseka khomo,
anawakhazika mtima pansi ndi chidutswa cha tayala
atayeza kunjenjemera kwawo ndi foni kwa milungu itatu,
manambala akulemba kuseri kwa malisiti.
Zimenezi iye sanazitchule pa fomu.
Kaya anachita nazo manyazi,
kaya anaziyesa ntchito wamba ya pakhomo.

Nkhani yomwe walemba yekha ndi ya mendulo.
Mwana iwe!
Wandibweretsera chivundikiro, mphika wausiya kwanu.

Lachisanu ku komiti Renwick adzavula magalasi
n'kufunsa funso lake lomwe lija: wasiyana pati ndi anzake?
Mipando ilipo mazana asanu,
ogogoda ndi zikwi khumi ndi ziwiri.
A zoimba akufuna woliza lipenga lalikulu,
a mpira akufuna goloboyi,
a zachuma akuwerengera zawo chamumtima.
Ine ndili ndi mizere iwiri yokha yomuyankhulira.
Mzere woyamba ndalemba za makina ovina aja.
Wachiwirinso za makina omwewo.
Za maulemu ndaika mawu awiri kumapeto: ali nawo.

Nanenso ndinali nayo satifiketi yotere.
Ili m'katoni kwa amayi ku Duluth,
chinyezi chadya theka la dzina langa.
Inandigulira mabuku zaka zinayi, sindingaikane,
ndiponso jasi yomwe ndinaoloka nayo chisanu choyamba.
Koma amene ananditsegulira chitseko cha koleji
sanandiuze chomwe anaona,
ndipo mpaka lero sindidziwa
ngati inali pepalalo, kapena chiganizo china
chomwe mphunzitsi wina anaponyamo ali ndi tulo.

Mphindi yachisanu ndi chitatu yatha.
Kaya Tobiah alowa, kaya salowa,
manja okwezedwa Lachisanu ndiwo adzanene.
Ku Toledo pano mwina akupinda mashiti a anthu osawadziwa,
khutu lili ku makina ake, ngati ayambanso.

Ndatsegula fayilo ya makumi anayi ndi ziwiri.
Mtsikana wa ku Fresno.
Pamzere wa maulemu, zinthu zisanu.