Si Malungo

Ku Lirangwe anakubaya chala kawiri,
kamzere n'kamodzi basi.
"Si malungo," anatero namwino,
koma thupi lako, Dziwenji, linali mbaula.

Tinayamba ndi kukwirira thole lija,
linkazungulira pamodzimodzi ngati lamwa kachasu.
Dibi la kwa Makwinja linafa kalekale,
mwatsala achule ndi majumbo.

Lero ku Gulupu, pokupukuta miyendo,
ndapeza kuseri kwa bondo
kachilonda kakuda ngati pootchedwa ndi ndudu.
Ndakumbuka madzulo aja
ukuzula nkhupakupa m'makutu mwa ng'ombe ndi zikhadabo,
n'kumaziphulitsa pamwala, ukuseka.

Adokotala akuti dzina la nthendayi
akulifufuzabe.
Ine ndikulidziwa.
Lili ndi miyendo isanu ndi itatu,
ndipo kumudzi likudikira ana athu
mu udzu wa kuseri kwa khola.